Nkhoswe ndi Luso la Kuyanjanitsa Banja

 Nkhani yathu ya lero ndi yolemera pang'ono, koma ndi nkhani imene imafika pakhomo la munthu aliyense. Tikamba za mikangano ya m'banja: mmene imakulira, anthu amene amaithetsa, ndi nzeru zimene anthuwo ayenera kuphunzira kuti ntchito yawo iyende bwino. Tikambanso zimene zimachitika ukwati ukakanika ndithu, ndi chimene mwana angachite pa nthaŵi yotero.

Kuti nkhani imveke, tiyeni tipite ku Chongwe. Mukachoka mu Lusaka ndi kutsata mseu waukulu wa kum'maŵa, wa Great East Road, mutayenda makilomita pafupifupi 45 mufika pa boma la Chongwe. Limeneli ndi dziko la Asoli, anthu a Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, amene analoŵa ufumu m'chaka cha 1971. Koma si Asoli okha amene amakhala kumeneko. Kuli Acheŵa, Ansenga, Angoni, Abemba, Atonga ndi mitundu ina yambiri, ndipo pa kalembera wa 2022 anthu a m'bomali anapitirira 300,000. Ambiri ndi alimi, ena amalaŵira m'mamaŵa kukagwira ntchito mu Lusaka. Pamalo pamene mudzi ndi tauni zagundana chotere, mwambo wa makolo ndi malamulo a Boma zimayendera pamodzi, ndipo tingathe kuona zonse ziŵiri zili pa ntchito.

Mmene mkangano umakulira

Tiyerekeze banja lina m'mudzi wa kufupi ndi mtsinje wa Chongwe. Sititchula maina, chifukwa banja lotere lingapezeke m'mudzi uliwonse. Muli bambo, mayi ndi ana atatu, ndipo mwana wachisamba ndi mtsikana wa mu Giredi 5. Tinene kuti mvula inagwa bwino, ndipo banjali linakolola matumba 40 a chimanga. Matumba 15 anasunga kuti adye, ndipo 25 bambo anakagulitsa ku depoti ya Food Reserve Agency. Ndalama zinatuluka, koma panyumba sizinaoneke.

Tsiku lina madzulo mayi anafunsa kuti, "Kodi bambo a ana, ndalama za chimanga zija zili kuti? Mvula yayandikira, mbeu ndi feteleza sitinagule, ndipo ana akupita kusukulu opanda nsapato." Bambo anayankha mokalipa kuti, "Munda ndi wanga, chimanga ndi changa. Musandifunse ngati ndine wantchito wanu." Mayi nawo anapsa mtima nati, "Nanga ine, muja ndinkagwira khasu kuyambira m'maŵa mpaka dzuŵa kuloŵa, ndinkalimira yani?"

Kuyambira tsiku limenelo panyumba panazizira. Nsima inkadyedwa mwakachetechete. Akati alankhule, mau ankatuluka ndi minga, ndipo zakale zonse zinafukulidwa: mbuzi imene inagulitsidwa zaka zapitazo, mau amene apongozi ananena pa maliro, ndi zina zotero. Mtsikana uja ankamva zonse ali chigonere pamphasa. M'kalasi anayamba kuodzera, ndipo masamu amene kale ankakhoza anayamba kumukanika. Potsiriza mayi anamanga katundu, nabereka mwana wamng'ono, napita kwa makolo awo.

Onani bwino, ana inu. Mkangano unayamba ndi funso limodzi la ndalama, koma posakhalitsa unadzaza nyumba yonse. Akuluakulu amati njovu zikamamenyana, wovutika ndi udzu. M'banja udzuwo ndi ana. N'chifukwa chake makolo athu akale sanalole kuti mwamuna ndi mkazi alimbane okha popanda woloŵa pakati.

Kodi nkhoswe ndani?

Pakati pa Acheŵa ukwati sumangidwa ndi anthu aŵiri okha. A kuchimuna amasankha munthu wowaimira, a kuchikazi nawonso chimodzimodzi. Anthu ameneŵa ndiwo ankhoswe. Kaŵirikaŵiri amakhala atsibweni, amene ena amati amalume, kapena mbale wamkulu wa mwini ukwati. Ntchito yawo sithera pa tsiku la ukwati ai. Wina akadwala, ankhoswe amauzidwa. Mwana akabadwa kapena maliro akagwa, ankhoswe amauzidwa. Ndipo m'nyumba mukabuka moto umene eni ake alephera kuuzimitsa, khomo loyamba kugogoda ndi la ankhoswe.

Mitundu ina ili ndi anthu otere ndi maina akeake. Abemba ali ndi shibukombe, amene amayenda pakati pa mabanja aŵiri, ndi banacimbusa amene amalangiza mkwatibwi. Mu Lusaka ndi madera ozungulira mumamva za alangizi. M'mipingo muli akulu a mpingo ndi amayi a chigwirizano amene amayendera mabanja. Maina ndi osiyana, koma nzeru yake ndi imodzi: mutu umodzi susenza denga.

Tsono pali kusiyana kumene ndifuna kuti muusunge m'mutu, pakati pa woŵeruza ndi woyanjanitsa. Woŵeruza amamva mbali zonse ziŵiri, kenaka iye ndiye amagamula. Wina amapambana, wina amagonja, ndipo onse ayenera kumvera, afune asafune. Woyanjanitsa sagamula. Ntchito yake ndi kuthandiza anthu okangana kuti amvane, kuti iwo eni apeze njira yotulukira. Pangano limene munthu wapanga ndi pakamwa pake amalisunga bwino koposa lamulo limene wapatsidwa ndi wina. Nkhoswe yabwino imagwira ntchito ya woyanjanitsa.

Nzeru zisanu ndi imodzi za woyanjanitsa

Tibwerere ku banja lathu lija. Nkhoswe ya kuchikazi ndi mlongo wa mayi, ndipo nkhoswe ya kuchimuna ndi mkulu wa bambo. Tiyeni tione mmene ankhoswe odziŵa ntchito angayendetsere nkhaniyi.

Nzeru yoyamba ndi kusankha bwino nthaŵi ndi malo. Ankhoswe sanathamangire usiku womwe uja mitima ikali yotentha. Anadikira masiku oŵerengeka, napangana kukumana m'maŵa, ana atapita kusukulu, pamalo pamene anthu odutsa sangamve. Nkhani ya banja siikambidwa pa moŵa, ndiponso siikambidwa pamaso pa ana.

Nzeru yachiŵiri ndi kusakondera. Apa ndi pamene pali chiyeso chachikulu, pakuti nkhoswe iliyonse ndi mbale wa mmodzi mwa okanganawo, ndipo magazi amakoka. Munthu amene wabwera kudzamenyera mbale wake nkhondo wangoonjezera nkhuni pamoto. Tisabisenso kuti nthaŵi zambiri pabwalo la banja mau a mwamuna akhala akulemera koposa a mkazi, ndipo mkazi amangouzidwa kuti apirire, nkhani n'kutsekedwa. Kumeneko si kuyanjanitsa, koma kuvundikira chilonda chimene chidzatukusira m'kati. Ankhoswe athu anayamba ndi mau akuti, "Sitinabwere kudzapeza wolakwa. Tabwera kuti nyumba iyi ione njira."

Nzeru yachitatu ndi kumvetsera. Anagwirizana kuti aliyense alankhule mpaka atamaliza, popanda womudula pakamwa, ndiponso popanda kutukwana. Koma kumvetsera kwa woyanjanitsa sikungokhala chete. Iye amatola mau a munthu wokwiya, n'kuchotsamo minga, n'kuwabweza ali osalala kuti winayo athe kuwalandira. Mayi atanena kuti, "Amuna angaŵa ndi akuba, adya thukuta langa," nkhoswe ya kuchimuna inati, "Alamu, ngati ndamva bwino, chimene chakuŵaŵani n'chakuti munalima pamodzi, koma ndalama zitabwera simunauzidwe kanthu. Kodi ndi choncho?" Mayi anati, "Ndi choncho kumene." Bambo atanena kuti, "Akazi angaŵa ndi amwano, andichititsa manyazi m'mudzi monse," nkhoswe ya kuchikazi inati, "Alamu, ndamva kuti mufuna nkhani za m'nyumba zizikambidwa m'nyumba, osati pachitsime." Taonani kuti nkhoswe iliyonse inabwereza mau a mlamu wake, osati a mbale wake. Potero aliyense anaona kuti a mbali inayo amumva.

Nzeru yachinayi ndi kufufuza chimene chili pansi pa mau. Chimene munthu wokwiya akunena ndi chimene akusoŵa kwenikweni si chinthu chimodzi. Mayi ankati, "Sindibwerera." Koma chimene ankasoŵa ndi kuŵerengedwa monga mwini munda mnzawo, ndi kudziŵa kuti ana adzadya chaka chamaŵa. Bambo ankati, "Ndalama ndi zanga." Koma chimene ankasoŵa ndi ulemu pamaso pa anthu. Pa zonena zawo aŵiriŵa sakanakumana, koma pa zosoŵa zawo panalibe chotsutsana. Aphunzitsi aŵiri a ku Harvard ku America, Roger Fisher ndi William Ury, anafotokoza mfundo imeneyi m'buku lawo la Getting to Yes la m'chaka cha 1981, ndipo ophunzira ntchito yoyanjanitsa m'maiko ambiri amaliŵerenga.

Nzeru yachisanu ndi kukamba ndi aliyense payekha ndi kusunga chinsinsi. Pali zinthu zimene munthu sangathe kunena pagulu. Mkulu wa bambo anatengera mng'ono wake pambali, ndipo kumeneko choonadi chinatuluka. Mukumbukira chilala cha dzinja la 2023 mpaka 2024, pamene chimanga chinauma m'minda, Boma n'kulengeza mu February 2024 kuti dziko lagwa m'tsoka. Chaka chimenecho bambo anatenga ngongole ya kaloba, ya chiwongoladzanja chachikulu, kuti agule ufa, ndipo anabisa chifukwa cha manyazi. Ndalama zambiri za chimanga zinapita kukabweza ngongoleyo, ndipo zotsala zinathera ku moŵa. Mkulu wake sanathamange kukaulula. Anati, "Mng'ono wanga, nkhani iyi ndi yako, sindingainene ine. Koma alamu akaimva kuchokera pakamwa pako, mtima wawo udzatsika." Bambo anabwerera pamphasa, naulula okha, napepesa.

Nzeru yachisanu ndi chimodzi ndi kumanga pangano lomveka. Kungoti "takhululukirana" sikukwanira, chifukwa chaka chamaŵa chimanga chidzagulitsidwanso. Eni ake anagwirizana mfundo izi: agulitse mbuzi ziŵiri kuti agule mbeu ndi feteleza, pokagulitsa zokolola azipita onse aŵiri, ngongole isatengedwe wina asakudziŵa, madandaulo azipita kwa ankhoswe, osati pachitsime. Ankhoswe analonjeza kudzabweranso pakatha mwezi kuti aone ngati pangano likusungidwa.

Luso limeneli amaliphunzira

Mwina mukuganiza kuti munthu amabadwa nalo luso lotere. Ai, amachita kuphunzira. Kumudzi mnyamata kapena mtsikana amaphunzira pokhala kumbuyo kwa akuluakulu pabwalo, kumva mmene amafunsira mafunso ndi mmene amatonthozera munthu wokwiya. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako kumabwera ndi kuzoloŵera.

Masiku ano kulinso maphunziro a m'kalasi. M'maiko a azungu ntchito yoyanjanitsa anthu osudzulana inayamba kukhazikika m'zaka za m'ma 1970. M'chaka cha 1978 ku Bristol, ku England, kunatsegulidwa ofesi yothandiza makolo olekana kuti amvane pa nkhani za ana, ndipo chaka chomwecho loya wina wa ku America, O. J. Coogler, anatulutsa buku lophunzitsa njira imeneyi. Kuno ku Zambia, m'chaka cha 1997 malamulo a High Court anasinthidwa kuti woŵeruza azitha kutumiza mlandu kwa woyanjanitsa wophunzitsidwa asanauzenge. Zimene zakambidwa kwa woyanjanitsayo ndi zachinsinsi. Anthu akagwirizana, pangano limalembedwa, onse n'kusaina, ndipo likaloŵa m'kaundula wa khoti limakhala ndi mphamvu ngati chiŵeruzo. Akalephera kumvana, mlandu umabwerera kwa woŵeruza. Ndipo Malamulo Aakulu a dziko, monga anakonzedwera m'chaka cha 2016, pa gaŵo 118 amauza makhoti kuti alimbikitse njira zina zothetsera mikangano, kuphatikizapo njira za makolo athu.

Pa maphunziro otere ophunzira sangolemba m'makope ai. Amachita maseŵero: mmodzi amakhala mwamuna, wina mkazi, wina woyanjanitsa, ndipo anzawo amaonerera n'kumuuza woyanjanitsayo pamene anakondera kapena pamene anadula munthu pakamwa. Nzeru zimene amaphunzira ndi zomwe zija taona pamphasa ya ankhoswe.

Nkhani ikapitirira ankhoswe

Si nkhani zonse zimene zimathera pamphasa. Ankhoswe akalephera, kumudzi nkhani imapita kwa anyakwaŵa ndi akuluakulu a mudzi, ndipo ikakula imafika ku bwalo la mfumu. Konseku cholinga ndi kuyanjanitsa. Zikakanika ndithu, ndiye njira ya kukhoti imatseguka, ndipo khoti lake limadalira mtundu wa ukwati.

M'dziko lathu muli mitundu iŵiri ya ukwati. Woyamba ndi wa mwambo, womangidwa pamaso pa abale monga mwa chikhalidwe cha mtundu. Maukwati ambiri a m'midzi ya ku Chongwe ndi otere, ndipo milandu yake imapita ku Local Court. Makhoti ameneŵa anakhazikitsidwa ndi lamulo la m'chaka cha 1966, m'malo mwa makhoti a nthaŵi ya atsamunda. Amaŵeruza motsata mwambo, malinga mwambowo usatsutsane ndi chilungamo kapena ndi malamulo olembedwa. Pa milandu ya mabanja maloya saimira munthu kumeneko. Aliyense amadzilankhulira yekha m'chinenero chake, ndipo ankhoswe ndi abale amaitanidwa kudzachitira umboni. Kaŵirikaŵiri khoti likaona kuti mpata ukalipo, limaimitsa mlandu ndi kubweza anthu kwa abale kuti akayesenso. Amene sanakhutire ndi chigamulo angachite apilo ku khoti la majisitireti pasanathe masiku 30.

Mtundu wachiŵiri ndi ukwati wolembetsa pansi pa lamulo la Marriage Act, kwa mlembi wa maukwati kapena m'tchalitchi chololedwa. Umenewu umathetsedwa ndi High Court, motsata lamulo la Matrimonial Causes Act la m'chaka cha 2007. Munthu sangapemphe chisudzulo chaka chimodzi chisanathe chikwatirane, ndipo ayenera kusonyeza kuti ukwati wasweka moti sungakonzekenso. Mwa zisonyezo zake muli chigololo, khalidwe losapiririka, kuthaŵidwa kwa zaka 2, kukhala kosiyana kwa zaka 2 onse atavomera chisudzulo, kapena kwa zaka 5 ngakhale wina akane. Mukuona kuti lamulo nalonso silifulumira kudula chingwe.

Ukwati ukatha, ukholo sutha

Tsono mvetserani mfundo yaikulu ya nkhani yathu. Anthu ambiri amaganiza kuti ukwati ukatha ndiye kuti woyanjanitsa walephera, ndipo ntchito yake yathera pomwepo. Sichoncho. Madzi akatayika saoleka, inde, koma mwamuna ndi mkazi akaleka kukhala pamodzi saleka kukhala bambo ndi mayi a ana awo. Adzakumanabe kusukulu, kuchipatala, pa maukwati ndi pa maliro mpaka ukalamba. Woyanjanitsa amafunika koposa pa nthaŵi imeneyi, kuti ukwati uthe koma ndeu isapitirire.

Pali mafunso atatu ofunika kuwayankha. Loyamba: kodi ana adzakhala kuti? Mwambo wa Asoli, Acheŵa, Ansenga ndi Abemba umaŵerengera ana kuchikazi, pamene kwa Angoni, kumene amapereka malowolo, ana amaŵerengedwa kuchimuna. Ku Chongwe, kumene mitundu imakwatirana, miyambo iŵiri ingathe kugundana m'nyumba imodzi. Lamulo la Children's Code Act la m'chaka cha 2022 limati pa nkhani iliyonse yokhudza mwana, choyamba kuganizira ndi ubwino wa mwanayo, ndipo mwana amene wafika pa msinkhu wozindikira ali ndi ufulu wonena maganizo ake. Choncho woyanjanitsa amafunsa kuti: sukulu ili kufupi ndi ndani? Ndani angamusamale akadwala? Nanga kholo linalo adzaliona masiku ati?

Lachiŵiri: kodi ndani adzapereka chiyani? Udindo wodyetsa, kuveka ndi kuphunzitsa mwana ndi wa makolo onse aŵiri, kaya ali pa ukwati kaya analekana. Khoti lili ndi mphamvu yolamula kuti kholo lizipereka chithandizo cha mwana wosakwana zaka 18. Local Court ingathenso kulamula chithandizo cha mwezi ndi mwezi kwa mkazi kapena mwamuna wosudzulidwa, kwa nthaŵi yosapitirira zaka 3, kapena mpaka atakwatiranso kapena kukwatiwanso.

Lachitatu: kodi katundu agaŵidwa bwanji? Kale mkazi wosudzulidwa ankachoka ndi mapoto ndi zovala zake zokha. Koma m'chaka cha 2000, pa mlandu wina wotchuka wa ukwati wa mwambo wa Aushi umene unayambira ku Mufulira, khoti la Supreme Court linagamula kuti mkazi alandire gaŵo la chuma cha banja, ndipo linati pogaŵa aziŵerengera zimene aliyense anathandiza, kaya ndi ndalama kaya ndi ntchito ya manja ake. Kulima, kuphika ndi kulera ana ndi ntchito imene imamanga chuma cha banja. Woyanjanitsa amene amadziŵa zimenezi salola kuti wofooka avomere pangano lomulanda chifukwa cha mantha.

Nkhani zosayenera kuthera pamphasa

Pali malire amene woyanjanitsa aliyense ayenera kuwadziŵa. Kuyanjanitsa kumatheka pamene onse aŵiri angalankhule mopanda mantha. Pamene wina akumenyedwa, kuopsezedwa ndi imfa, kapena pamene mwana wachitidwa nkhanza kapena kugwiriridwa, imeneyo si nkhani ya m'banja yongokambirana ai. Ndi mlandu wophwanya lamulo. Nkhoswe imene imabweza mayi wovulala m'nyumba ya womuvulaza, kapena kulandira mbuzi kuti nkhani ya mwana ikwiriridwe, yaika moyo wa munthu pangozi.

Apolisi athu ali ndi nthambi ya Victim Support Unit, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1994 kuti izithandiza anthu otere. Lamulo la Anti-Gender-Based Violence Act la m'chaka cha 2011 limapatsa khoti mphamvu yoletsa wankhanza kuyandikira amene akumuzunza. Kulinso nambala ya lamya ya 116, imene mwana angaimbe popanda kulipira kuti apeze womuthandiza. Lembani nambala imeneyi kuchikuto kwa kope lanu.

Kwa inu ana

Mwina wina mwa inu akumva nkhaniyi mtima uli thithithi, chifukwa zimene tafotokozazi zikuchitika kwawo. Mwana wanga, sunga mau aŵa. Mkangano wa makolo ako si mlandu wako. Sunauyambitse ndiwe, ndipo kuuthetsa si katundu wako. Usaloŵe pakati pamene akumenyana. Tenga ang'ono ako, thamanga ukaitane munthu wamkulu. Usalole kukhala mtengamau wonyamula mau oŵaŵa kuchoka kwa bambo kupita kwa mayi. Uli ndi ufulu wokonda onse aŵiri, ngakhale atakhala m'midzi yosiyana. Chimene chikukuvuta usachisunge m'mimba wekha: uza agogo, azakhali, atsibweni kapena aphunzitsi amene umawakhulupirira. Ndipo sukulu usasiye.

Inu ena amene kwanu kuli mtendere, musaseke mnzanu amene makolo ake alekana. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, maŵa adzazimira zako.

Kwa inu aphunzitsi

Ku Chalimbana, m'boma lomweli la Chongwe, aphunzitsi akhala akuphunzitsidwa kuyambira m'chaka cha 1939, ndipo chiyambire kale mphunzitsi ndi munthu amene mudzi umamudalira pa zambiri zoposa choko ndi bolodi. Kaŵirikaŵiri inu ndinu oyamba kuona zizindikiro: mwana woodzera, wojomba, wandeu mwadzidzidzi, kapena wochenjera amene wayamba kutsalira. Musathamangire kumulanga. Muitanireni pambali, mufunseni mofatsa, ndipo musakambe za kwawo pamaso pa kalasi kapena pocheza ndi aphunzitsi anzanu. Inu si ankhoswe a banjalo, choncho musatenge mbali. Makolo onse aŵiri adziŵitsidwe za maphunziro a mwana wawo. Koma mukaona zizindikiro za nkhanza musakhale chete. Uzani aphunzitsi aakulu ndi mphunzitsi wa uphungu, kuti nkhani ifike ku ofesi ya Social Welfare kapena kwa apolisi.

Kumbukiraninso kuti ankhoswe a maŵa akhala pa mabenchi anu lero. Ana aŵiri akalimbirana mpira kapena pensulo, musafulumire kugamula. Aloleni alankhule mmodzimmodzi, aliyense abwereze zimene mnzake wanena, ndipo iwo eni apeze pangano. Mukatero mwabzala mbeu ya luso limene lidzapulumutsa mabanja awo.

Mafunso ndi zochita

1. Kodi woŵeruza ndi woyanjanitsa amasiyana bwanji?
2. Tchulani nzeru zinayi mwa zija zimene ankhoswe anagwiritsa ntchito.
3. M'nkhani ya chimanga ija, kodi mayi ankanena chiyani, nanga ankasoŵa chiyani kwenikweni? Nanga bambo?
4. Ndi nkhani zotani zimene siziyenera kuthera kwa ankhoswe? Zimenezo zimapita kuti?
5. Kafunseni agogo kapena munthu wina wamkulu dzina la nkhoswe m'chinenero cha kwanu, ndi ntchito zimene amagwira. Mudzauze anzanu m'kalasi.
6. M'magulu a ana atatu, chitani seŵero la ana aŵiri olimbirana mpira ndi mmodzi wowayanjanitsa. Kenaka sinthanani malo, kuti aliyense alaŵe ntchito ya woyanjanitsa.

Lero tilekeze pamenepa.